Mulungu Amene Anapita Nawo ku Ukapolo: Mafunso ndi Mayankho pa Chikhulupiriro cha Ayuda

Ambirife tinayamba kumva za Ayuda tili ana ku Sande sukulu: Danieli m'dzenje la mikango, anyamata atatu m'ng'anjo ya moto, Estere akulowa kwa mfumu asanaitanidwe. Nkhani zonsezi zinachitikira kudziko la eni. Komatu mbiri ya Ayuda sinathere pa tsamba lomaliza la Chipangano Chakale. Anabalalikanso zaka zina pafupifupi 2,000, ndipo m'badwo uliwonse unkafunsa funso lomwelo: ngati Mulungu amatisunga, ali kuti? Mafunso otsatirawa ndi amene owerenga Baibulo amakonda kufunsa akamva mmene Ayuda eniake amayankhira.

Kodi Ayuda akamanena za ukapolo amatanthauza chiyani?

M'Chiheberi amati *galut*. Ife timati ukapolo kapena undende chifukwa ndi mawu amene tinawazolowera m'Baibulo, koma *galut* si kumangidwa unyolo kokha. Ndi kuzulidwa pakwanu, n'kukakhala obwera pamalo pamene mwini dziko akhoza kukuthamangitsani tsiku lililonse. Si utchona ayi. Mtchona amapita yekha, ndipo akafuna amakwera basi kubwerera kumudzi.

Mu 722 BC Asuri anagonjetsa Samariya n'kutenga anthu a ufumu wakumpoto. Mu 597 BC Nebukadinezara anatenga mfumu Yehoyakini pamodzi ndi akalonga, asilikali ndi amisiri, ndipo mu 586 BC anabweranso n'kutentha Yerusalemu ndi kachisi wa Solomo. Koresi wa ku Perisiya atalanda Babulo mu 539 BC analola Ayuda kubwerera. Buku la Ezara limati anabwerera anthu 42,360, koma ambiri anatsalira. Kachisi wachiwiri anakhala mpaka 70 AD pamene Aroma, motsogozedwa ndi Titus, anamuwononga. Nkhondo ya Bar Kokhba, mtsogoleri wa Ayuda amene anaukiranso Aroma, itatha mu 135 AD, Ayuda analetsedwa ngakhale kulowa mu Yerusalemu. Ukapolo wautali kwambiri ndi umenewu.

Ku Babulo kuja ankakhala moyo wotani?

Sanali m'ndende onse. Ofukula zakale anapeza mapale a dongo ku Babulo pamene panalembedwa mafuta amene ankaperekedwa kwa Yehoyakini, mfumu ya Yuda, ndi ana ake asanu. Mapale ena amatchula mudzi wotchedwa Al-Yahudu, kutanthauza mudzi wa Yuda, ndipo amaonetsa Ayuda akulima, akubwereka minda, akulipira misonkho, akukwatitsa ana.

Uwu ndi moyo umene Yeremiya anawalangiza. Ku Yerusalemu kunali mneneri wina, Hananiya, amene ankalonjeza kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lithyoka. Uthenga wokoma m'khutu. Yeremiya analemba kalata yonena zosiyana: mangani nyumba, limani minda, kwatirani, ndipo pemphererani mtendere wa mzinda umene mwatengedwerako, chifukwa mukhalako zaka 70. Tangoganizani kuuzidwa kuti mupempherere mzinda wa anthu amene anapha abale anu. Kalata imeneyi ndiyo inakhala malangizo a Ayuda kulikonse kumene anabalalikira, ndipo mpaka lero masunagoge ambiri amapempherera boma la dziko limene akukhalamo.

Koma mtima sunakhazikike. Salimo 137 limawaonetsa atakhala m'mbali mwa mitsinje, azeze atawapachika m'mitengo, owagwira akuwauza kuti aimbe nyimbo ya kwawo kuti asangalale. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kachisi atapsa, bwanji sananene kuti Mulungu wawo wagonja?

Anthu a nthawi imeneyo ankaganiza choncho. Mzinda ukagwa ndiye kuti mulungu wake wagonja, ndipo ogonjawo ankayamba kupembedza mulungu wa owagonjetsa. Amowabu, Aamoni ndi Aedomu anasungunuka m'mitundu ina, milungu yawo n'kutsala m'mabuku mokha.

Aneneri a Yuda anatembenuza nkhaniyo. Anati Babulo ndi ndodo chabe m'dzanja la Mulungu, ndipo wophwanya pangano ndi ife. Mpaka lero pa zikondwerero Ayuda amapemphera kuti anachotsedwa m'dziko lawo chifukwa cha machimo awo. Mawu owawa, koma muli chiyembekezo m'kati mwake: ngati anakutulutsa ndi bambo ako, akhozanso kukuitana.

Ezekieli anawonjezera china. Iye anali wansembe wopanda kachisi, atakhala pakati pa andende m'mbali mwa mtsinje wa Kebara. Kumeneko, kudziko lodetsedwa, anaona mpando wachifumu wa Mulungu uli ndi mikombero, wotha kupita mbali iliyonse. Mulungu sanatsekeredwe m'nyumba ya miyala. M'chaputala 11 Mulungu akuti adzakhala kachisi wamng'ono kwa iwo m'maiko amene anabalalikira. Aphunzitsi a Talmud, buku lalikulu la zokambirana za akuluakulu a Chiyuda, anati kachisi wamng'onoyo ndi masunagoge ndi nyumba zophunziriramo. Rabi Shimon bar Yochai anaphunzitsa kuti kulikonse kumene Aisiraeli anatengedwa, *Shekhinah*, kutanthauza kukhalapo kwa Mulungu, inapita nawo: ku Aigupto inali nawo, ku Babulo inali nawo, ndipo tsiku lobwerera idzabwerera nawo. Kwa ine, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chitetezo chimene Myuda wa ku ukapolo amakhulupirira choyamba si chakuti moto sudzayaka, koma chakuti m'motomo sadzakhala yekha.

Aroma atazinga Yerusalemu, Rabi Yohanan ben Zakkai anatuluka mumzinda atabisala m'bokosi la maliro, ophunzira ake atamunyamula. Kwa Vespasian, mkulu wa asilikali a Aroma, sanapemphe chuma. Anapempha tauni ya Yavne ndi aphunzitsi ake. Wophunzira wake wina atalira poona mabwinja a kachisi, iye anamukumbutsa mawu a Hoseya akuti Mulungu amafuna chifundo osati nsembe. Pemphero, kuphunzira Chilamulo ndi ntchito zachifundo zinalowa m'malo mwa guwa, ndipo zimenezi munthu amatha kuyenda nazo.

Nanga zozizwitsa zinapita kuti? Nyanja sinagawanikenso.

Ayuda amasiyanitsa mitundu iwiri ya chozizwitsa, chimene amachitcha *nes*. Pali choonekera, monga miliri ya ku Aigupto, nyanja kugawanika, mana kugwa. Ndiye pali chobisika, chimene chimavala zovala za tsiku ndi tsiku, moti wosafuna kuona akhoza kunena kuti zangochitika.

Buku la Estere ndilo sukulu ya chozizwitsa chobisika. Liwerengeni m'Chiheberi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, simupezamo dzina la Mulungu ngakhale kamodzi. Mulibe mngelo, mulibe mneneri, mulibe moto wochokera kumwamba. Muli mfumu yoledzera imene ikuchotsa mkazi wake Vasiti. Mtsikana wamasiye akusankhidwa kulowa m'malo mwake. Moredekai akumva alonda awiri akupangana kupha mfumu, nkhaniyo ikulembedwa m'buku n'kuiwalika. Hamani akuchita maere, ndipo maerewo akugwera mwezi wa 12, kupereka nthawi ya miyezi yambiri. Kenako usiku umodzi, usiku womwe Hamani wakonza mtengo wopachikirapo Moredekai, mfumu ikusowa tulo n'kuitanitsa buku lomwe lija. Chilichonse pachokha ndi chaching'ono. Chotsanipo chimodzi, Ayuda a m'zigawo 127 atha psiti.

Aphunzitsi anaona kuti dzina lakuti Estere limamveka ngati mawu a Chiheberi otanthauza kubisa, ndipo analilumikiza ndi Deuteronomo 31:18 pamene Mulungu akuti adzabisa nkhope yake. *Hester panim*, kubisa nkhope. Wobisa nkhope sanachoke. Ali pomwepo, kungoti simukumuona.

Rabi Moshe ben Nahman wa ku Girona ku Spain, amene anakhala kuyambira 1194 mpaka 1270, anapita patsogolo. Anati zozizwitsa zazikulu zinachitika kuti munthu aphunzire kuzindikira zobisika, ndipo moyo wonse ndi wodzaza nazo. N'chifukwa chake katatu pa tsiku, m'pemphero loimirira, Myuda amawerama n'kuthokoza chifukwa cha zozizwitsa zimene zili nafe tsiku lililonse, madzulo, m'mawa ndi masana. Amanena zimenezi ngakhale tsiku limene sipanachitike chilichonse chodabwitsa.

Purim imakondwereredwa bwanji?

Purim, chikondwerero chokumbukira chipulumutso cha m'buku la Estere, imachitika pa 14 mwezi wa Adara, umene umagwa cha mu February kapena March. Madzulo sunagoge amadzaza, ana atavala zigoba kumaso ndi zovala zachilendo, chifukwa ndi tsiku la zinthu zobisika. Wowerenga amatambasula mpukutu wa Estere n'kuupinda ngati kalata. Anthu amakhala chete kuti asaphonye liwu, koma akangotchula Hamani nyumba yonse imaphulika: kupondaponda pansi, kuliza zoseweretsa zaphokoso, kuti dzinalo lifafanizike. Wowerenga amadikira phokoso lithe, n'kupitiriza. Kukacha amawerenganso, amatumizirana zakudya, amapereka mphatso kwa osauka osachepera awiri, kenako phwando.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mizinda ina inali ndi Purim yakeyake. Ku Frankfurt mu 1614, gulu lotsogozedwa ndi Vinzenz Fettmilch, wophika makeke, linafunkha msewu wa Ayuda n'kuwathamangitsa mumzinda. Mu 1616 mfumu Matthias inalamula kuti Fettmilch aphedwe, ndipo asilikali anaperekeza Ayuda kubwerera m'nyumba zawo ndi ng'oma ndi zitoliro. Kuyambira pamenepo Ayuda a ku Frankfurt ankakumbukira 20 Adara chaka chilichonse. A ku Cairo nawo anali ndi Purim yawo yokumbukira 1524, pamene bwanamkubwa Ahmed Pasha, amene ankawaopseza kuti awapha, anagwa iyeyo. Mwa njira imeneyi ankawerenga mbiri yawo ngati kupitiriza kwa Baibulo.

Kodi nkhani ya mafuta a Hanukkah, chikondwerero cha nyale cha Ayuda, ili m'Baibulo?

Ayi. Mu 167 BC mfumu ya Chigiriki ya ku Siriya, Antiochus IV, inadetsa kachisi n'kuletsa mdulidwe ndi Sabata. Yuda Makabeo ndi abale ake anamenya nkhondo, ndipo mu 164 BC anayeretsa kachisi. Mabuku a Amakabeo, amene ali m'Baibulo la Akatolika, amasimba nkhondoyo ndi chikondwerero cha masiku 8, koma za mafuta satchula. Nkhani yakuti anapeza kabotolo kamodzi ka mafuta opatulika, okwanira tsiku limodzi, n'kuyaka masiku 8, ili mu Talmud imene inalembedwa patapita zaka mazana angapo.

Zikuoneka kuti aphunzitsi, amene anaona kuukira Aroma kukupulula anthu kawiri, anafuna kuti ana azikumbukira nyale koposa lupanga. Pa Sabata la Hanukkah anasankha kuwerenga Zekariya 4, pamene pakuti si ndi nkhondo kapena mphamvu koma ndi mzimu wa Mulungu. Nyalezo amaziika pawindo kapena pakhomo, n'kumawonjezera imodzi usiku uliwonse, kuti odutsa aone.

Pa zozizwitsa zonse za ku ukapolo, chachikulu amati ndi chiti?

Kukhalapobe kwawo. Talmud ili ndi nkhani imene ndimaikonda kwambiri. Mose anatcha Mulungu wamkulu, wamphamvu ndi woopsa. Yeremiya ataona akunja akuvina m'kachisi anati, kuopsa kwake kuli kuti? Popemphera anasiya liwu lakuti woopsa. Danieli ataona ana a Mulungu ali akapolo anati, mphamvu yake ili kuti? Anasiya liwu lakuti wamphamvu. Mukatsegula Yeremiya 32:18 ndi Danieli 9:4 mupeza kuti n'zoona, aliyense wasiya liwu limodzi. Kenako akuluakulu a m'nthawi ya Ezara anabwezeretsa mawu onse atatu. Anati mphamvu yake ndi imeneyi, yakuti amaugwira mtima poona oipa. Kuopsa kwake ndi kumeneku, chifukwa pakanapanda iye, mtundu umodzi ukanakhala bwanji pakati pa mitundu yonseyi?

Ndiye Talmud imafunsa: aneneri awiri aja analimba mtima bwanji kusintha mawu a Mose? Yankho lake n'lakuti ankadziwa kuti Mulungu ndi woona, choncho sanafune kumunamiza. Chikhulupiriro chotere chimalola munthu kutseka pakamwa pa liwu limene mtima wake sungathe kulinena lero, popanda kumutcha wosakhulupirira.

Mwambi wina wa aphunzitsi umati mfumu ya Aroma, Hadrian, inauza Rabi Yehoshua kuti, ndi yamphamvu nkhosa imene ikukhala pakati pa mimbulu 70. Iye anayankha kuti wamphamvu ndi mbusa amene akuisunga.

Usiku wa Paska banja limakhala patebulo, mwana wamng'ono amafunsa mafunso anayi, ndipo pakati pa nkhani amavundikira mkate wopanda chotupitsa n'kukweza chikho cha vinyo. Onse amaimba kuti si mmodzi yekha amene anatiukira kuti atithe, koma m'badwo uliwonse amatiukira, ndipo Woyerayo amatilanditsa m'manja mwawo. Mawu amenewa anaimbidwa m'zipinda zapansi ku Spain ndi ku Portugal, mawindo atatsekedwa, ndiponso m'misasa ya chibalo ya a Nazi.

Ndiye Myuda akaona zoopsa amangodikira chozizwitsa?

Chilamulo chawo chimaletsa. Pali lamulo lachidule lakuti *ein somchin al hanes*, osatsamira pa chozizwitsa. Rabi Yannai anati munthu asaime pamalo oopsa n'kumati andichitira chozizwitsa, chifukwa mwina sichichitika, ndipo chikachitika amachichotsera pa zabwino zake. Rabi Zeira sankadutsa pakati pa mitengo ya kanjedza tsiku la mphepo yamphamvu. Moyo ukakhala pangozi, ngakhale Sabata limaswedwa kuti wodwala athamangire naye kuchipatala.

Talmud imasimbanso za munthu wosauka amene mkazi wake anamwalira n'kusiya khanda, ndipo analibe ndalama yolipira woyamwitsa. Kunachitika chozizwitsa, mabere ake anatuluka mkaka. Rav Yosef anati, taonani ukulu wa munthuyu. Abaye anati ayi, taonani kuchepa kwake, chifukwa zinatengera kusintha chilengedwe. Chikanakhala chabwino n'chakuti apeze ntchito n'kudyetsa mwana monga anthu onse.

Rashi, mphunzitsi wa ku Troyes ku France, analemba kuti Yakobo pokakumana ndi Esau anakonzekera zinthu zitatu: mphatso, pemphero ndi nkhondo. Estere anasala kudya masiku atatu, koma atatero anavala zachifumu n'kukonza maphwando awiri mwanzeru. Ndipo munthu akapulumuka, sangokhala chete. Potsatira Salimo 107, amene wawoloka nyanja, wadutsa chipululu, wachira matenda aakulu kapena watuluka m'ndende amaimirira pamaso pa anthu osachepera 10 n'kuthokoza Mulungu amene amachitira zabwino osayenera. Mpingo umayankha kuti amene wakuchitira zabwino apitirize.

Kodi munthu akachita chozizwitsa ndiye kuti watumidwa ndi Mulungu?

Funso ili likutikhudza ifenso masiku ano, pamene anthu amagulitsa mbuzi kuti akafike kwa wochita zozizwitsa. Yankho la Chiyuda ndi lolimba. Deuteronomo 13 imati mneneri akapereka chizindikiro n'kuchitikadi, koma akukutengerani kwa milungu ina, musamumvere.

Pali nkhani yotchuka ya mkangano wokhudza uvuni wina, ngati unali wodetsedwa kapena ayi. Rabi Eliezer anali yekha, anzake onse akutsutsa. Anati ngati ndikulondola, mtengo uwu usunthe. Unasuntha. Anzake anati mtengo si umboni. Madzi a mumtsinje anabwerera m'mbuyo, makoma a nyumba yophunziriramo anapendekeka, pomaliza liwu linamveka kuchokera kumwamba kumuvomereza. Rabi Yehoshua anaimirira n'kunena mawu a Deuteronomo 30:12, akuti Chilamulo sichili kumwamba. Chinaperekedwa kale pa Sinai, ndipo chimati mutsate ambiri. Nkhaniyo imati Mulungu anaseka n'kunena kuti ana anga andipambana.

Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda amene anabadwira ku Córdoba, n'kuthawa chizunzo kudzera ku Fez mpaka kukakhala dokotala ku Cairo kumene anamwalira mu 1204, analemba kuti Aisiraeli sanakhulupirire Mose chifukwa cha zizindikiro. Wokhulupirira chifukwa cha chizindikiro amakhalabe ndi chikaiko mumtima, poganiza kuti mwina ndi matsenga. Anakhulupirira chifukwa anaima okha pa Sinai n'kumva ndi makutu awo. Cha mu 1172 analembera Ayuda a ku Yemen, amene ankazunzidwa, kuwalimbikitsa ndi kuwachenjeza za munthu wina amene ankadzitcha Mesiya.

Chenjezoli silinamveke nthawi zonse. Anthu ovutika amagwira chilichonse. Pambuyo pa kuphedwa kwa Ayuda ambirimbiri ku Ukraine ndi Poland mu 1648, kunatulukira Sabbatai Zevi wa ku Izmir, amene mu 1665 analengezedwa kuti ndi Mesiya. Mbiri za zozizwitsa zake zinafika ku Amsterdam, Hamburg ndi Yemen. Anthu anagulitsa nyumba. Glückel wa ku Hameln, mayi wamalonda, analemba kuti apongozi ake anatumiza ku Hamburg migolo iwiri yodzaza nsalu, nyemba ndi nyama youmitsa, kukonzekera ulendo wa ku Yerusalemu. Mu September 1666 Sabbatai anaimitsidwa ku bwalo la Sultan Mehmed IV ku Edirne n'kuuzidwa kusankha imfa kapena kusiya Chiyuda. Anasiya. Migolo ija inadikira mpaka zakudya zinachotsedwamo poopa kuti ziwola.

Nanga pamene Mulungu sanapulumutse?

Funso ili ndi lolemera, ndipo aliyense wolemba za chitetezo cha Mulungu osalikhudza akunamiza owerenga. Mu 1096 magulu a nkhondo ya mtanda anapha Ayuda a ku Worms ndi Mainz, anthu amene anali atasala kudya ndi kupemphera. Mu 1190 ku York anthu pafupifupi 150 anafera m'nsanja imene anathawiramo. England anawathamangitsa mu 1290, Spain mu 1492. Ndipo pakati pa 1939 ndi 1945 a Nazi ndi owathandiza anapha Ayuda 6 miliyoni, ana okha pafupifupi 1.5 miliyoni. Ku Lithuania, kumene kunachokera makolo a Ayuda ambiri a ku Johannesburg ndi ena amene anafika mpaka ku Livingstone, anaphedwa oposa 9 mwa 10 alionse. Mfumu sinasowe tulo usiku umenewo.

Tikamasimba za Sadrake, Mesake ndi Abedinego timathamangira pamene akutuluka m'moto osanunkha utsi. Koma mawu aakulu ali patsogolo pake. Anauza mfumu kuti Mulungu wathu akhoza kutilanditsa, koma ngakhale atapanda kutero, fano lanu sitilipembedza. Ayuda ambiri m'mbiri anakhala pa mbali yachiwiri ya chiganizo chimenecho. Analowa m'moto akunena *Shema Yisrael*, pemphero lawo loyamba ndi mawu akuti Imva Israeli, ndipo sanatuluke.

Rabi Kalonymus Kalman Shapira wa ku Piaseczno anataya mwana wake wamwamuna ndi mpongozi wake pamene Warsaw inkaphulitsidwa mu September 1939. Anapitiriza kulalikira m'dera limene Ayuda anatsekeredwamo mpaka 1942. Poyamba ankati mavutowa ndi ofanana ndi akale, koma kumapeto kwa 1942 anawonjezera mawu m'mphepete mwa zolemba zake kuti zimene zikuchitika tsopano sizinaonekepo. Sanauze anthu ake kuti achimwa. Potengera Yeremiya 13:17, anaphunzitsa kuti Mulungu akulira m'chipinda chake chamkati, ndipo chisoni chake n'chachikulu moti dziko silingathe kuchinyamula, n'chifukwa chake walirira kobisika. Munthu amene angakankhe chitseko n'kulowamo amalira pamodzi naye, ndipo amapeza mphamvu yoimirira. Zolembazo zinakwiriridwa m'chitini cha mkaka, iye anaphedwa mu 1943, chitinicho chinafukulidwa mu 1950.

Nkhondo itatha Ayuda sanagwirizane pa yankho limodzi. Richard Rubenstein anati sangakhulupirirenso Mulungu amene amayendetsa mbiri. Eliezer Berkovits anati Mulungu amabisa nkhope kuti munthu akhale ndi ufulu wosankha, ndipo mtengo wa ufuluwo ndi woopsa. Emil Fackenheim anati pa malamulo 613 pawonjezeka lina: osamupatsa Hitler chipambano ali m'manda posiya kukhala Myuda. Ena ochepa anati chinali chilango. Ine yankho lomalizali sindilivomereza, ndipo Ayuda ambiri salivomereza. Amene sangathe kulinena ataimirira pamaso pa mayi wotaya ana ake, asalinenenso kwina.

Amene anapulumuka amati anawapulumutsa ndi Mulungu kapena anthu?

Ambiri salekanitsa. Kumapeto kwa September 1943 kazembe wina wa Germany ku Denmark, Georg Duckwitz, anaulula kuti Ayuda agwidwa. Rabi Marcus Melchior anauza mpingo wake ku Copenhagen kuti asagone m'nyumba zawo. Anansi anawabisa, zipatala zinawagoneka ndi mayina abodza, asodzi anawawolotsa usiku m'maboti kupita ku Sweden. Anapulumuka oposa 7,000, ndipo ogwidwa sanakwane 500.

Ku Kaunas ku Lithuania mu 1940, kazembe wa Japan, Chiune Sugihara, analemba ndi dzanja ziphaso zoyendera zoposa 2,000 mosatsatira malangizo a boma lake. Mwa olandira munali ophunzira pafupifupi 300 a sukulu ya Chilamulo ya Mir, amene anadutsa Siberia pa sitima, kufika ku Kobe, n'kukathera nkhondo ku Shanghai akuphunzirabe. Zidzukulu zawo zimati chinali chozizwitsa, ndipo zimatchulanso dzina la Sugihara. Moredekai anauza Estere kuti ukakhala chete, thandizo lichokera kwina. Chozizwitsa chobisika chimafuna dzanja la munthu, ndipo m'mizinda yambiri ya ku Ulaya dzanjalo silinatambasuke. Opulumuka ena amakana n'komwe liwu lakuti chozizwitsa, pofunsa kuti mchemwali wanga amene anatsala analakwanji.

Anatha bwanji kukumbukira mzinda umene sanauonepo?

Anauika m'zinthu zing'onozing'ono. Popemphera amayang'ana ku Yerusalemu, monga Danieli pawindo lake. Womanga nyumba amasiya kachigawo ka khoma kosapaka. Pa ukwati mkwati amaphwanya tambula ndi phazi. Pa 9 mwezi wa Av amasala kudya, amakhala pansi n'kuwerenga Maliro a Yeremiya ndi kuwala kochepa. Paska imatha ndi mawu akuti chaka chamawa ku Yerusalemu. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Kodi ukapolo unatha mu 1948?

Ayuda eniake amasiyana. Dziko la Israel litakhazikitsidwa pa 14 May 1948, patangopita zaka zitatu nkhondo itatha, ambiri anaona dzanja la Mulungu, ndipo m'masunagoge ena amalipempherera ngati chiyambi cha kuphuka kwa chipulumutso. Rabi Yoel Teitelbaum wa gulu la Satmar anatsutsa mwamphamvu, ponena kuti ukapolo adzauthetsa ndi Mesiya yekha. Ena amati *galut* si malo chabe: malinga ngati kachisi kulibe ndipo dziko lapansi ladzaza nkhondo, ngakhale wokhala mu Yerusalemu ali ku ukapolo. Pa Ayuda pafupifupi 15 miliyoni lero, osachepera theka akukhala kunja kwa Israel. Tisaiwalenso kuti nkhondo ya chaka chomwecho inachotsa Apalestina pafupifupi 700,000 m'midzi yawo, ndipo zidzukulu zawo zikusungabe makiyi a nyumba. Wowerenga Salimo 137 ndi mtima wonse sangatseke khutu ku kulira kumeneko.

Kuno ku Africa nkhaniyi ili ndi nkhope yake. Ayuda a ku Ethiopia, otchedwa Beta Israel, anakhala zaka mazanamazana m'mapiri a kufupi ndi Gondar. Ana awo akaona mbalame za dokowe zikubwera kuchokera kumpoto ankazifunsa ngati Yerusalemu ali bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zikwi za anthu zinayenda wapansi kupita ku Sudan, ndipo pafupifupi 4,000 anafera m'njira ndi m'misasa ya othawa kwawo. Pafupifupi 8,000 ananyamulidwa pa ndege kumapeto kwa 1984 ndi kumayambiriro kwa 1985. Mu May 1991 ena oposa 14,000 ananyamulidwa ku Addis Ababa m'maola 36, mipando itachotsedwa m'ndege kuti anthu akwane, ana ena n'kubadwira m'mlengalenga. Atafika anakumana ndi tsankho, ndipo mu 1996 zinaululika kuti magazi amene ankapereka ankatayidwa mwachinsinsi.

Ku Ethiopia anali ndi tsiku lotchedwa Sigd, patapita masiku 50 kuchokera pa Tsiku la Chitetezero. Ankasala kudya, n'kukwera phiri ansembe awo atanyamula mabuku opatulika a m'chinenero cha Ge'ez, kukawerenga za Ezara ndi Nehemiya ndi kupempha kuti adzabwerere ku Yerusalemu. Atafika anafunsana ngati Sigd ikufunikabe, ndipo anaganiza zoipitiriza. Mu 2008 boma linaivomereza kukhala tsiku la dziko lonse. Chaka chilichonse amasonkhana pa chitunda cha Armon Hanatziv, ansembe atavala zoyera pansi pa maambulera a mitundumitundu, amayi achikulire atatambasula manja, onse akuyang'ana kutsidya kwa chigwa kumene kunali kachisi.